Choko Chimene Ndinakulanda

Madzimoyo,
Lachisanu masana.

Misozi mwana wanga,

Ndakhala pakhonde, pampando wanga uja wothyoka mkono, ndipo ndikukumva ukusita zovala m'chipinda. Amako apita kuchigayo kukagayitsa chimanga choti utenge. Pakati pa iwe ndi ine pali khoma limodzi lokha, koma ndikukulembera kalata ngati uli ku Kitwe. Usandiseke. Kuyambira Lolemba ndakhala ndikufuna kukuitana kuti tikhale pansi, koma ndikangotsegula pakamwa mawu amatuluka ngati ndili pa asembule. Zaka makumi atatu ndi zitatu ndinkalankhula ndi anthu ataimirira pamzere, ndiye kulankhula ndi munthu mmodzi titakhala pansi kumandikanika.

Mawa ukwera kanta, galimoto ija ya ku Chipangali, kukayamba ntchito imene ine ndinapuma zaka zitatu zapitazo. Za kuwiritsa madzi akumwa, za kugona m'neti ndi za anyamata a pakamwa potsekemera, amako akuuza kale, ndipo anena bwino kuposa momwe ine ndikananenera. Yanga ndi nkhani imodzi. Papita zaka ziwiri usananditchule kuti atate. Umandipatsa moni mwaulemu, umagwada pondipatsa madzi, koma umati aHedi, monga amanenera ana asukulu. Chifukwa chake ukuchidziwa, inenso ndikuchidziwa, ndipo sindikufuna kuti ukwere galimoto mawa ine ndikadali aHedi. Koma ndisanafike pa tsiku lija, undilole ndiyambire pamene matenda anga anayambira, chifukwa ntchito imene ukukayambayi ndi yomwe inandipatsira.

Tsiku lotsanzikana nane kusukulu, Misozi, ndinaba. Bambo ako, mkulu wa mpingo, ndinaba. Unalipo tsikulo, unaona bulangete ndi mbuzi zimene anandipatsa, unamva ana akuimba. Chimene sunaone ndi ichi. Anthu ali mkati mwa kudya, ine ndinazemba kupita pamtengo wa mango pamene pali chitsulo cha gudumu la galimoto chimene timaimba ngati belu. Ndinachotsa ndodo yachitsulo yoimbira ija ndi kuilowetsa m'mkono wa jekete, ndipo ndinabwera nayo kunyumba mkono uli chiwongokere ngati wathyoka. Ndinaibisa kudenga kwa nkhokwe. Lolemba lotsatira ndinakhala pano pakhonde kumvetsera. Belu linalira mogontha, chifukwa ankamenya ndi mwala, ndipo mtima wanga unakondwa. Ndinati eya, aone mmene zikhalire popanda ine. Mai Daka, amene anatenga mpando wanga, anabwera okha kudzafunsa ngati ndikudziwa kumene ndodoyo ili. Ndinawayang'ana m'maso ndi kunena kuti m'nthawi yanga zinthu sizinkasowa. Ukumbukire, mwana wanga, chilichonse chimene akakupatse kusukulu uko, kaya makiyi, kaya kaundula, kaya mpando, akukubwereka chabe. Uzichigwira monga umagwirira poto wa aneba.

Ngakhale nyumba ino ndinaimanga mwachinyengo. Amako ankafuna timange kumtunda, pafupi ndi chitsime, pamalo amene agogo ako anatisiyira. Ine ndinakana, ndinati kumeneko kuli chiswe. Chiswe chili paliponse ku Madzimoyo. Chimene ndinkafuna n'chakuti belu lizimveka ndili pabedi. Mpaka lero amako amasenza ndowa mtunda wonse uja chifukwa cha makutu anga, ndipo sanandikumbutsepo ngakhale tsiku limodzi.

Miyezi yoyamba ija unali ku koleji, ndiye zambiri unangozimva. Ndinkadzuka tambala woyamba, kusamba, kumanga tayi, kuvala wotchi, kenako n'kukhala ndi funso limene sindinalidziwepo chibadwire: tsopano ndipite kuti? Ndinayamba kukaima panjira yodutsa kuseri kwa khola, n'kumakalipira ana ochedwa. Ana a Giredi 1, amene sanandidziwe, ankathawira m'thengo poganiza kuti ndine wamisala. Njira itandikana ndinatembenukira kunyumba. Ndinalemba ndondomeko ya ntchito papepala lalikulu, ndi rula, ndi kuimata pachitseko cha khitchini: nthawi yosesa, nthawi yotsegulira mbuzi, nthawi ya tiyi. Amako anaiwerenga yonse mpaka pansi, manja ali m'chiuno, kenako anati, "Mwalemba bwino, aMbewe. Koma mukawerengerenso mbuzizo, chifukwa ine sizindimvera." Pepalalo anakolezera moto patapita masiku atatu. Ine ndinakwiya sabata yathunthu, osadya nawo limodzi. Munthu wamkulu, imvi mbuu, kunyanyala chifukwa cha pepala.

Za kumunda ndi zimene anthu amaseka mpaka pano, ndipo akuyenera kuseka. Tsiku lina ndinaganiza zoonetsa mudzi kuti mphunzitsi nayenso amalima. Ndinanyamula khasu m'mamawa, nsapato zakuntchito kumapazi, osauza munthu. Ndinapalira chimanga kuyambira dzuwa likutuluka mpaka litafika pamutu, manja atatuluka matuza. Nditaweramuka ndinaona aSakala, aneba athu, atakhala pachulu, akundiyang'ana. Anali atakhalapo nthawi yaitali. Anandithokoza ndi manja awiri, nati, "Aphunzitsi, mwagwira ntchito. Koma munda wanu uyambira pamtengo wa msuku uwo. Uno ndi wanga." Misozi, munda umene unatidyetsa zaka zonsezi, umene unakulipirira yunifolomu, ine sindinkadziwa malire ake. Ndinkangodziwa kuti chimanga chimapezeka m'nkhokwe. Ndipo aSakala awa ndi omwe ndinawaphunzitsa ndili mnyamata, pasukulu yomweyi, ndipo ndinawaimika patsogolo pa kalasi n'kunena kuti mutu wawo ndi dzungu. Anasiyira Giredi 4 chaka chomwecho. Iwo sanatchule zimenezo. Ine m'malo moseka nawo ndinabwera kuno kudzakalipira amako kuti bwanji sanaike zikwangwani m'malire.

Ndiye usaiwale, mwana wanga: ukafika ku Chipangali, usakhale mlendo wa m'nyumba ya aphunzitsi. Upemphe kamunda ngakhale ka mizere khumi, ulime ndi manja ako. Udziwe maina a amai amene uzitunga nawo madzi, osati kumangoti amake a mwana wakuti wa m'kalasi mwanga. Kukagwa maliro upite, ukakhale pansi pamodzi ndi anzako, usakadikire kuti akubweretsere mpando. Ine pamaliro aliwonse ndinkapatsidwa mpando kutsogolo, ndipo ndinkayesa kuti akupatsa ine. Maliro oyamba nditapuma, mpando uja anapatsa mai Daka, ine ndinaima pafupi ndi nkhuni ndili ndi tayi, osadziwa pokhala. Ndinabwerera kunyumba mwambo usanathe.

Tsopano ndafika pa tsiku lija.

Koleji itakutumizani kukayeserera kuphunzitsa, iwe unasankha sukulu yathu ino kuti ukhale pafupi ndi amako. Anakupatsa Giredi 5. Dzulo lake la tsiku limene mphunzitsi wa ku koleji ankabwera kudzakuyesa, unandipeza pampando womwe uno. Unati, "Atate, ndikupempha chinthu chimodzi. Mawa musabwere." Ndinaseka, ndinati ndikatani kumeneko, ine ndinapuma. Ndinalonjeza. M'mawa mwake ndinamanga tayi ndi kuuza amako kuti ndikupita kukaona mbewu kwa wogulitsa. Njira ya kwa wogulitsa mbewu sidutsa kusukulu, iwe ukudziwa.

Ndinaima pawindo. Unali ukuphunzitsa masamu a magawo, ndipo unabwera ndi nzimbe. Unaidula pakati, kenako pakatinso, ana atakuunjirira, wina akukuwa kuti theka, wina akuti ayi ndi kota, ena atakwera pamabenchi kuti aone. Kumbuyo kunakhala bambo wa ku koleji uja ndi buku lake. Ine sindinaone ana akuphunzira. Ndinangomva phokoso, ndipo m'zaka zanga zonse phokoso linkatanthauza kuti mphunzitsi walephera. Ndinadziuza kuti ndikukupulumutsa. Limenelo linali bodza, ndipo lero ndikulivomera. Zoona zake n'zakuti ndinaona bolodi, ndinamva fungo la choko, ndipo miyendo inandilowetsa yokha monga imachitira ya chidakwa pakhomo la mowa.

Ana ataniona anathamangira m'malo mwawo, anaimirira, napereka moni wa aHedi onse pamodzi. Kalasi inati zii. Ndinabwera kutsogolo, ndinatenga choko m'zala zako, ndipo ndinati, "Khala apo uone." Mawu atatu amenewo ndimawamva tsiku lililonse. Ndinafufuta zimene unalemba ndi kuphunzitsa mpaka belu linalira. Ndikuuze chinthu chimene chimandichititsa manyazi koposa zonse: ndinasangalala. Kwa nthawi yoyamba m'chaka chathunthu ndinamva kuti ndili moyo. Nditatembenuka ndinakuona utakhala pabenchi ya ana, maondo ali m'mwamba chifukwa benchiyo inali yaifupi, zidutswa za nzimbe zili pamiyendo. Sunalire. Bambo wa ku koleji ankalemba, mutu uli pansi. Mai Daka anafika pakhomo nati tiyeni tikamwe tiyi ku ofesi, ndipo ananditulutsa atandigwira pachigongono, mwa njira imene timatulutsira munthu wodwala m'tchalitchi.

Ndinafika kunyumba chifuwa chili patsogolo, n'kuuza amako kuti mwana akanalephera ndikanapanda kufika. Madzulo ake unabwera ndi beseni, unagwada, nunena kuti, "Madzi awa, aHedi." Ndipo ine, chitsiru, ndinamva kukoma. Ndinayesa kuti waona luso la bambo ako.

Zotsatira zake unazisenza wekha. Bambo uja analemba kuti sanathe kukuyesa, chifukwa phunzirolo silinali lako. Unabwereza teremu ina kusukulu ya m'tauni, ukugona pamphasa kwa azakhali ako ku Nabvutika, m'chipinda chimodzi ndi ana awo anayi, ukuyenda wapansi m'matope. Anzako anamaliza n'kukusiya, iwe unamaliza chaka chotsatira. Anthu pamsika ankakuloza kuti ndi uja analandidwa choko ndi atate ake. Ine nthawi yonseyo ndinkauza akulu anzanga a mpingo kuti makoleji a masiku ano sadziwa kuyesa.

Amene ananditsegula maso ndi amako, ndipo sanakweze mawu. Patapita miyezi ingapo anatenga jekete langa kuti akachape, napeza choko chija m'thumba. Ndinali nditachiponyamo osadziwa, mwa chizolowezi. Anachibweretsa ndili kudya, nachiika pambali pa mbale yanga. Anati, "Ichi si chanu." Ndinayamba kufotokoza, mwa nthawi zonse, koma anandidula. "AMbewe, sukulu inakupatsani bulangete ndi mbuzi, inatsanzikana nanu. Ife takudikirani zaka makumi atatu kuti mubwere kunyumba. Mpaka lero simunafike." Anatola mbale zawo napita kukadyera kukhitchini. Ine ndinatsala ndekha ndi choko chija.

Kuchokera pamenepo ndinagwa mbali inayo. Ndinavula tayi, koma pamodzi ndi tayiyo ndinavula zonse. Ndinasiya kumeta ndevu, ndinasiya kupita kutchalitchi, ndinkangokhala pampando uno kuyang'ana nkhuku. Unkabwera pa holide n'kundipeza choncho, ndipo mwina unkayesa kuti ndakukwiyira. Sindinakwiye, Misozi, ndinkaopa. Ndinkaopa kuti ukachotsa aHedi, mkatimo mulibe munthu. Kuyambira ndili ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri belu ndi limene linkandiuza nthawi yodzuka, yodya ndi yolankhula, ndipo ana mazana ankaimirira ndikamalowa. Palibe anandiuzapo kuti tsiku lina zonsezi zidzapitirira bwinobwino ine kulibe. Amatikonzekeretsa za mapepala a penshoni, koma za Lolemba loyamba lija palibe amanena. Ndipo kupepesa kwa iwe kunkandikanika, chifukwa moyo wanga wonse anthu ndi amene ankabwera mu ofesi kudzapepesa kwa ine.

Amene anandidzutsa pampando ndi aSakala, a mutu wa dzungu aja. Mvula yoyamba itagwa anafika ndi makasu awiri, nati popeza ndinawapalirira munda wawo, abwera kudzabweza. Ndinafuna kukana, koma anali atayamba kale kuyenda. Anandiphunzitsa kukweza mzere, kubzala mtedza motalikirana bwino, kudziwa nthaka ngati yakhuta madzi poifinya m'dzanja. Ndikalakwitsa sankandinyoza, ankangobwerera pambuyo panga n'kukonza mwakachetechete. Tsiku lina tikupuma pamthunzi ndinawapepesa za dzungu lija. Anaseka mpaka kutsokomola, nati analiiwala kale, koma ndinaona m'maso mwawo kuti sanaiwale. Ukamaphunzitsa, mwana wanga, uzikumbukira aSakala. Mwana amene akuvutika ndi masamu lero, usamupatse dzina. Adzakhala nalo mpaka imvi, ndipo mwina ndi iyeyo adzakubweretsere khasu.

Kumunda komweko ndi kumene ndinalandira chigamulo changa chenicheni. Mdzukulu wa aSakala, Enala, anali m'kalasi mwako tsiku lija. Anatibweretsera madzi, ndipo ine, posafuna kusiya khalidwe, ndinamufunsa kuti theka la theka ndi chiyani. Anayankha msanga kuti kota. Ndinamwetulira, ndinati waona, unamvetsa tsiku lija ndinakuphunzitsani. Mwanayo anandiyang'ana modabwa. Anati iye akukumbukira nzimbe, chifukwa anadya nawo chidutswa chimodzi mwa zinayi, ndipo anafunsa kuti amadamu a nzimbe adzabweranso liti. Za phunziro langa sanakumbuke ngakhale liwu limodzi. Misozi, phokoso lija linali la ana akuphunzira. Unkaphunzitsa bwino kuposa mmene ine ndinaphunzitsirapo, ndipo ndinakulanda choko pamaso pa ana ako. Ukapite ndi nzimbe zako ku Chipangali. Akakuuza wina wa imvi ngati ine kuti kalasi yabwino ndi yachete, umupatse ulemu wake, koma choko usamupatse.

Lero m'mawa, pamene unapita kukatsanzika kwa abusa, ndinakwera pankhokwe n'kutsitsa ndodo ija. Yachita dzimbiri. Ndinainyamula poyera, osati m'mkono wa jekete, mpaka ku ofesi ya mai Daka. Ndinagogoda ndi kudikira panja, pabenchi pamene ndinkadikiritsa makolo. Atandilowetsa ndinaiika patebulo n'kunena kuti ndinaba ndine, ndipo ndinanama. Iwo sanadabwe. Anati mlonda anandiona tsiku lomwelo, ndipo aphunzitsi onse ankadziwa, koma anagwirizana kuti andisiye nayo popeza inkaoneka kuti ndikuifuna kuposa iwo. Ndodo ina anapeza kwa wowotcherera zitsulo sabata yomweyo. Zaka zitatu ndakhala ndikubisa chinthu chimene mudzi wonse unkadziwa ndipo palibe ankachisowa. Ndinatuluka ndi manyazi. Pobwera ndinadutsa pawindo la Giredi 5, munali phokoso, ndipo ndinapitirira osayang'anamo.

Ntchitoyi uikonde, mwana wanga, chifukwa ndi yabwino ndipo unabadwira yomweyi. Koma belu lomaliza likalira, uzibwerera kunyumba wense, usamasiye mtima wako mu ofesi. Ukhale ndi anthu amene amakutchula dzina lako lenileni. Ukadzakwatiwa, ana ako asadzaimirire iwe ukamalowa. Ndipo ukalakwira munthu, upepese dzuwa lomwelo, usadikire zaka ziwiri ngati bambo ako, chifukwa mawuwo amauma kukhosi ukawasunga.

Thumba la mtedza limene lili pafupi ndi chitseko ndi lochokera m'mizere yanga. Ndi yokhotakhota mizereyo, aSakala amati ikuoneka ngati njira ya woledzera, koma ili m'munda mwathu, mkati mwa malire. Ndinakumba ndekha, ndinaswa ndekha.

Ndinalakwa, Misozi. Palibe chifukwa chimene ndingapereke. Unandipempha chinthu chimodzi chokha ndipo ndinakunamiza, ndinakuchititsa manyazi pamaso pa ana, ndinakutayitsa chaka. Ndikupempha undikhululukire. Sindikulamula, ndipo ukaona kuti nthawi yake sinakwane, sindidzakuimba mlandu.

Ndikumva wazimitsa makala a simbi, ndipo amako akuoneka kunjira ndi thumba pamutu, ndiye ndilekere pano ndikawalandire. Kalatayi ndiika pamwamba pa sutikesi yako. M'envulopu momwemo muli kanthu kokulungidwa m'pepala. Ndi choko chija. Chafupika pang'ono, chifukwa ndinalembera tsiku lija, ndipo gawo limenelo sindingathe kukubwezera. Chotsalacho ndi chako.

Kanta amadutsa pamsewu dzuwa litangotuluka. Ndapopa kale njinga ndipo ndamangirira chingwe pakaliyala. Ndikufuna ndikunyamulire sutikesi mpaka pamsewu, koma sindikufunsa pamaso, kuti usavomere chifukwa cha ulemu. Ngati sukufuna, uisiye m'chipinda, amako adzakuperekeza, ine ndidzapita kumunda ndipo sindidzanena kanthu. Ngati walola, uiike pakhonde, pafupi ndi mpando wothyoka mkono. Ndidzakhala panja ndikudikira, wopanda tayi.

Ndine amene ndikufuna kukhalanso,

Atate ako.